Laputopu Yamanzere ya ku Kawale

Inu mumaganiza kuti zosaoneka zimadikira mdima ndi kulira kwa kadzidzi. Ayi ndithu. Zimene ndikuuzenizi zambiri zinachitika dzuwa likuswa mtengo, ku Kawale konkuno, m'nyumba yamalata yokhala ndi magetsi ndi mpopi pakhomo. Amene akufuna kuseka asekeretu panopa.

Enelesi anakwatiwa ndi a Kwenda, bambo amene mkazi wawo woyamba, Lusiya, anali atamwalira. Chinkhoswe chake chinali cha m'tauni, chothamanga, nkhoswe ya mwamuna ali mnzawo wa kuntchito. A Kwenda anali munthu wabwino, osamenya, osamwa, obwera kunyumba dzuwa lisanalowe. Vuto linali limodzi basi: m'nyumba mmene Enelesi analowamo, chilichonse chinali chitagwiridwa kale ndi Lusiya.

Ndipo Lusiyayo anali wamanzere. Munthu wamanzere amasiya mapazi ake m'nyumba kuposa mmene mukuganizira. Makapu onse pashelefu zogwirira zake zinaloza kumanzere. Mpeni wa masamba unali utadyeka mbali imodzi. Msomali wopachikapo thaulo, botolo la mchere, ngakhale tsache kuseri kwa chitseko, zonse zinali ku dzanja lolakwika. Enelesi anatha miyezi akutembenuza nyumbayo. Zithunzi za malemu anazitsekera m'sutikesi n'kuyiponya pamwamba pa wodiropu. Makatani anawotcha. A Kwenda anangomulekerera.

Koma nthawi zina bamboyo ankaima pakhomo la khitchini n'kuyang'ana kumanzere kwa mbaula, pamene panalibe munthu, maso awo atafewa ngati a munthu amene wamva nyimbo ya kwawo ali kutali. Maso amenewo Enelesi anali asanayang'anidwepo nawo. Ankawafuna mpaka pamtima kuwotcha. Nsanje ya mkazi mnzako wamoyo ilibwino, umakumana naye pampopi n'kumulalatira, mtima n'kutsika. Nanga wakufa ukamulalatira kuti? Sakalamba, sapsereza ndiwo, sadzuka ndi manthongo m'maso. Amangokhala wabwino mpaka kalekale.

Tsono kwathu kuno, mkazi akamwalira, mwamuna sangonyamuka n'kukakwatira. Abale a mkaziyo amamuitana kumudzi, ankhoswe amakhala pansi, n'kumuuza pamaso pa anthu kuti zatha, ndinu mfulu, pitani bwino. Kumeneko ndiye kusudzula. A Kwenda anali asanasudzulidwe. Atsibweni a Lusiya, a Dzoole a ku Mitundu, anabwera ku Kawale kudzakonza zimenezo, ndipo anapeza Enelesi ali yekha akuchapa.

"Mwini nyumba ndawapeza, mayi?" anafunsa ali pageti, chipewa chili m'manja.

"Anapita kumpoto ndi ntchito," Enelesi ananama. "Sindikudziwa tsiku lobwera."

A Dzoole anabweranso mwezi wina, n'kubwezedwanso pageti pomwepo, osapatsidwa ngakhale madzi. Enelesi sanawauze amuna ake. Nambala ya foni anali atawasinthitsa kale chifukwa cha anthu a ku Mitundu omwewo. M'mutu mwake ankati, akapita kumeneko akaona manda, akalira, akabwerako ali wa Lusiya kuposa kale. Ankaganiza kuti akutseka khomo.

Kenako kunabwera laputopu. Enelesi ankaphunzira za maakaunti Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ntchito za kusukulu ankalembera pafoni mpaka maso kutuluka misozi. Tsiku lina a Kwenda anabwera ndi katoni m'khwapa, yomatidwa bwinobwino.

"Tsegula wekha," anatero. "Ndi yako."

Enelesi anadula zomatira ndi lezala. Inali yotuwa, yopyapyala, yokutidwa ndi pulasitiki, ikununkhira chatsopano. Anayikumbatira pachifuwa. Si sukulu imene inali m'maganizo mwake, ayi. Ankati mumtima: ichi chokha m'nyumba muno Lusiya sanachigwirepo.

Anadina batani loyatsira. Kunabwera timadontho tozungulira, tinazungulira, tinazungulira, kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu, pali mawu achizungu onena kuti makina akumana ndi vuto ndipo ayambiranso. Inazima yokha, n'kuyakanso yokha. Timadontho tija, kenako buluu uja.

"Mwina batire," a Kwenda anatero. Anayilumikiza kumagetsi. Zomwezo.

Itadzuka pamapeto pake, inadzuka ndi makani. Enelesi akadina batani lakumanzere la pogwira chala, m'munsi mwa mabatani olembera, kuti atsegule chinthu, inkachita za batani lakumanja. Akadina lakumanja, ndiye inkatsegula. Kamera inkangoonetsa mdima. Mawu sankatuluka, koma ukayika khutu pafupi unkamva kaphokoso kochepa, kokwera n'kutsika, ngati munthu amene wagona chipinda chinacho. Kusitolo kumene anayigula anayiyatsa, inayaka bwinobwino pamaso pawo, ndipo anati zotsalazo n'za mapulogalamu, akafunse amisiri.

Mmisiri amene anthu anamulozera anali Yotamu, bambo wamagalasi wokonza mafoni ndi makompyuta m'kakontena ku Biwi. Anali munthu wolongolola, wokonda kuphunzitsa ngakhale amene sanamufunse.

"Palibe chachilendo apa, amayi," anatero atangoyiyatsa. "Zatsopano zimatero. Mukuona timakona tachikasu iti? Ndi madalaivala amenewa. Osati a minibasi ayi. Ndi timapulogalamu touza makina kuti iyi ndi kamera, ichi ndi cholankhulira, apa ndi pogwira chala. Kamodzi kakasemphana ndi anzake, makina amakomoka poyaka, ndiye buluu mumamuonayo."

Anayilowetsa m'njira imene amati yotetezeka, pamene makina amadzuka ndi zofunika zokhazokha. Anachotsa madalaivala akale, n'kukopera atsopano pa intaneti. Timakona tachikasu tinazimiririka kamodzikamodzi. Nyimbo inalira. Atafika pa mabatani osinthana aja anaseka.

"Awa si matenda n'komwe. Wina anangoyitchera kuti ikhale ya munthu wamanzere. Alipo wamanzere kwanu?"

"Kwathu kulibe wamanzere," Enelesi anayankha mouma.

"Ndiye kufakitale wina anali ndi matsire." Anabwezeretsa, n'kumupatsa. Kamera yokha ndiyo inakanabe, ndipo Yotamu anati dalaivala wake amufunafuna.

Pobwerera Enelesi anakwera minibasi, chikwama chili pamiyendo. Munali modzaza monga mwa masiku onse, koma kumanzere kwake kunatsala kampata, ndipo palibe amene anasendera. Mayi wina wonyamula dengu la tomato podutsa anati "pepani" akuyang'ana pampatapo. Atafika pa siteji, kondakitala anamenya denga n'kuuza dalaivala kuti otsika ndi awiri. Enelesi anatsika, n'kucheuka. Minibasi inadikira pang'ono chitseko chili chotsegula, kenako inanyamuka.

Kunyumba anapeza makapu onse pashelefu zogwirira zitaloza kumanzere.

Anaima pakati pa khitchini, thukuta lili kamukamu. Nyumba anasiya atakhoma, makiyi anali m'chikwama mwake. Kunja ana a aneba ankasewera fulaye, wogulitsa makala ankaitanira malonda ake. Anatembenuza makapuwo limodzilimodzi, akudziuza kuti mwina ndi iye mwini anawayika choncho m'mawa pothamanga.

Anayatsa laputopu. Buluu. Itadzuka, mabatani anali atasinthananso.

Masiku otsatira zinthu zinayamba kuchulukana, zing'onozing'ono zoti ukauza munthu akhoza kukuseka. Tsache linabwerera kuseri kwa chitseko kumene linkakhala kale. Kapulasitiki kamene Enelesi anakasiya dala pachivundikiro kuti chisakandike anakapeza katasendedwa, katapindidwa bwino, kali pansi pa botolo la mchere. Akatsegula laputopu m'mawa, itagona usiku wonse yozima, mbali yakumanzere pamene pamakhala chikhatho inkakhala yofunda. Yakumanja ili zii. Ndipo tsiku lina masana, kuwala kukulowa pawindo, anaona kafumbi koyera pamabatani olembera. Anapukuta ndi chala, n'kununkhiza. Choko.

Lusiya anali mphunzitsi wa sitandade 4.

Mukuganiza kuti anachita mantha? Mantha analipo, koma anali pansi. Chimene chinali pamwamba, chikubwadamuka, chinali ukali. Mbale anazilekerera, bedi analilekerera, ngakhale mwamuna ankagawana ndi munthu wa m'manda. Ndiye ichinso?

Madzulo a Kwenda atangovula nsapato, Enelesi anayika laputopu patebulo.

"A Kwenda, mundiuze zoona. Chinthu ichi munagulira ndani?"

"Funso lanji limenelo? Si unadula wekha zomatira?"

"Sinali m'nyumba muno kale? Simunayibise kwinakwake chimwalirireni anzanga aja?"

"Ndagula mwezi uno, Enelesi. Ndinagulira iwe."

Ananena zoona, ndipo Enelesi anaona kuti ndi zoona. Mtima unayamba kutsika. Akanangosiyira pomwepo bambo aja. Koma anthu abwino ali ndi vuto lakuti sadziwa polekezera.

"Kungoti," anapitiriza akuyang'ana pansi, "Lusiya anayifuna zaka zambiri. Ankafuna kubwerera kusukulu kuti akaphunzitse ku sekondale. Ine ndinkangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, mpaka mwezi wamawawo unamupeza kulibe. Ndiye nditakuona iwe ukuvutika ndi kafoni kaja, ndinati ulendo uno ndisachedwenso."

Enelesi analoza laputopu ija.

"Ndiye mphatso yangayi ndi chipepeso cha Lusiya."

"Sindinatero."

"Mwatero. Mumandiyang'ana ine, koma mumaona iye akudikira."

A Kwenda anapukusa mutu. Kenako anayankhula ngati akudziyankhulira okha. "Chimene chimandisowetsa tulo ndi anthu a ku Mitundu. Mpaka lero osabwera kudzandisudzula. Ndinathamangira kukwatira, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndimachita manyazi kupita ndekha. Mkamwini sadziitana. Koma ngakhale kutuma mwana? Ndinawalakwira kwambiri chotero?"

Enelesi anadzuka n'kupita kukatenga madzi akumwa amene palibe anawapempha.

M'mawa mwake anali ku Biwi kontena isanatsegulidwe.

"Fufutani zonse," anauza Yotamu. "Isatsale ndi kanthu. Iyambe ngati yabadwa lero."

"Kufomata? Amayi, yatsopano ngati iyi mulibe choti tifufute."

"Ndati fufutani."

Yotamu anabaya fulashi yake, kachipangizo kosungiramo mapulogalamu, n'kusesa zonse, n'kuyikamo pulogalamu yoyendetsa makina kuyambira pachiyambi. Zinatenga m'mawa wonse. Enelesi sanasunthe pabenchi. Anayika madalaivala onse mwadongosolo, ndipo ulendo uno kamera inayaka. Nkhope ya Enelesi inaoneka pasikirini, kumbuyo kwake kuli khoma la kontena ndi mawaya olendewera.

"Eya," Yotamu anatero mokondwa. "Tsono iyi ili ndi luso lina. Ikhoza kuloweza nkhope yanu, kuti izitseguka ikaona inu nokha basi. Wina aliyense izimukana."

Enelesi anawongoka. "Ine ndekha?"

"Inu nokha. Yang'anani apa, musagwedezeke."

Pasikirini panabwera kabokosi kofunafuna nkhope. Kanakhala pankhope ya Enelesi kanthawi. Kenako, pang'onopang'ono, kanatsetsereka n'kukaima pamwamba pa phewa lake lakumanzere, pamene panali khoma lokhalokha.

Yotamu anapukuta kamera ndi kansalu. "Ndi mawaya awo akuyisokoneza. Tembenukirani uku."

Anamukhazika kumbali ina, kumbuyo kuli chitseko chopanda kanthu. Kabokosi kanabwera pankhope, kanatsetsereka, kanakaima pamalo omwe aja. Kanakula pang'ono, ngati mwini nkhopeyo wasendera pafupi.

Yotamu, munthu wolongolola uja, anasiya kuyankhula. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Panja wowotcha chimanga ankakupiza moto wake, koma m'kontenamo munazizira.

"Amayi, izi tizisiye," anatero motsitsa mawu. "Tingoyika nambala yachinsinsi ngati anthu ena onse."

"Ayi. Ndikufuna izindidziwa ine."

"Ndikukupemphani."

"Kodi ndi yanu kapena ndi yanga?"

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Enelesi tsiku limenelo analibe khutu. Yotamu anadina. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto, makina n'kunena kuti aloweza. Anayitseka osatsitsa chivundikiro, n'kuyiyang'anitsa kwa iye mwini: inakana. Anayitembenuzira kwa Enelesi: inatseguka nthawi yomweyo, ngati galu amene wamva mapazi a mbuye wake.

Enelesi anaseka koyamba m'masabata ambiri. Yotamu sanaseke. Anamuthandiza kuyika m'chikwama, ndipo pomuperekeza pakhomo anapatuka kwambiri, kusiya njira yokwanira anthu awiri.

"Ikavutanso," anatero, "mukayese kwa ena."

Koma siyinavutenso. Buluu uja anatha. Inkayaka msanga, nyimbo zikumveka, kamera ili mbee. Kunyumba nako kunakhala bata. Makapu anakhala mmene wawasiyira, tsache linakhala pamene waliyika, choko sichinaonekenso. A Kwenda akayesa kuyitsegula inkawakana, ndipo Enelesi ankasangalala nazo kwambiri. Ankadziuza kuti wapambana. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkamuvuta: phewa lakumanzere linkalemera, ngati wasenzapo chidebe tsiku lonse. Anapaka mankhwala otentha aja, osasintha.

Loweruka lina masana anatsuka tsitsi. Anatuluka kubafa thaulo litaphimba mutu wonse mpaka kuchibwano, akupukuta, akuyenda mongopapasa. Podutsa patebulo anamva kaphokoso kaja kamene laputopu imalira ikamatseguka.

Anaima. Anachotsa thaulo. Inali yotseguka, ikumudikira.

Anayitseka. Anatenga chitenje chochindikala, anachipinda pawiri, anadziphimba kumutu mpaka iye mwini osaona kanthu, n'kukhala pampando. Kaphokoso kaja kanalira.

Anayitsekanso. Anayisiya patebulo itayang'ana mpando wopanda munthu, n'kutuluka panja, n'kukasuzumira pawindo. Inakhala yotseka. Anadikira mpaka miyendo kuwawa. Yotseka. Analowa chobwerera m'mbuyo, nkhope italoza kukhomo, msana uli kulaputopu. Asanafike n'komwe pampando, inatseguka.

Pamenepo ndi pamene anamvetsa chifukwa chake makapu anasiya kutembenuka. Chimene chinkayendayenda m'nyumba chija chinali chitapeza pokhala. Sanacheukire kumanzere. Anakhala pansi pasimenti, tsitsi likudontha, n'kuyang'ana kutsogolo kokhakokha mpaka a Kwenda anabwera.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Dzoole atabwera kachitatu, sabata yotsatira, Enelesi anawaona ali patali, mkulu wamtali wa jekete lakuda, akuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa ngalande. Anathamanga wopanda nsapato kukatsegula geti, n'kugwada pafumbi.

"Lowani, bambo. Alipo. Lero alipo."

A Dzoole anamuyang'ana, kenako anayang'ana pambali pake pang'ono, n'kuvula chipewa. Sananene za maulendo awiri aja, ngakhale pamaso pa a Kwenda. Anangoti, "Tinachedwa, akamwini. Tiyeni tikamalize."

Anapita ku Mitundu onse awiri. Mwambo wake sunali wautali. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Panali thobwa. A Dzoole anaimirira n'kunena kuti mkamwini uyu anasunga mwana wawo bwino, anamudwazika, anamuyika m'manda mwaulemu, ndipo mbumba ilibe naye mangawa. "Kuyambira lero takusudzulani. Ndinu mfulu. Kumene mwapeza banja, khalani ndi mtendere." A Kwenda analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, amayi achikulire akuwatonthoza. Atatha kulira anapuma mpweya wautali, ndipo nkhope yawo inaoneka yopepuka.

Enelesi anadikira kuti nayenso apepukidwe. Anagwedeza phewa. Linali lolemera chimodzimodzi.

Anthu akubalalika, anatsatira a Dzoole kuseri kwa nkhokwe, n'kugwadanso.

"Bambo, ine sizinandichoke."

Mkuluyo sanafunse kuti chiyani.

"Ndithandizeni. Nenani mawu aja kwa inenso. Ndibweretsa chilichonse chimene mungafune."

A Dzoole anazunguza chipewa m'manja. Poyankha, mawu awo analibe ukali, ndipo n'chimene chinawawa kwambiri.

"Mayi, mwana wathu sanali wovuta. Anali wokonzeka kupita kalekale, ife tinabwera kudzamutenga, inu mukudziwa. Mwamuna wanuyo amamukumbuka mwa apo ndi apo, monga achitira anthu. Koma amene amadzuka naye, kusesa naye, kuphika naye, kugona naye m'mutu tsiku ndi tsiku, ndani? Munthu amakhala kumene akumutchula."

"Ndisiya. Ndalumbira ndisiya."

"Mwina mudzatha. Ine mwambo umene ndinaupeza ndi womasula mwamuna kwa mkazi wake, ndipo ndaugwira. Wosudzula mkazi kwa mkazi mnzake, makolo sanatisiyire."

Anavala chipewa n'kubwerera kwa alendo.

Pobwerera a Kwenda anagona m'minibasi njira yonse, mutu uli pagalasi, tulo tabwino ta munthu amene watula katundu. Enelesi anakhala maso. Kumanzere kwake kunali kampata, ndipo palibe anasendera.

Moyo unapitirira, monga umachitira. A Kwenda anasiya kuima pakhomo la khitchini. Sutikesi ya zithunzi ija anayitsitsa okha n'kuyitumiza ku Mitundu. Dzina la Lusiya linasiya kumveka m'nyumbamo. Enelesi anayesetsa kusamuganizira, koma yesani inu kusaganizira dzino limene likuwawa. Laputopu anayisiya m'katoni kwa kanthawi, koma mayeso anayandikira, ndipo anayitulutsa. Anafufuta zoloweza nkhope zija n'kuyika nambala yachinsinsi. Inkatseguka asanayilembe.

Tsiku lina Lamlungu, chakumadzulo dzuwa lisanalowe, anali patebulo akulemba ntchito ya kusukulu. Ntchito inkayenda bwino modabwitsa, manambala akungogwirizana okha. Anali atagula kamausi kakang'ono kuti chala chizipuma. A Kwenda analowa kuchokera panja atanyamula nyuzipepala, n'kuima pakhomo. Anaima nthawi yaitali.

"Enelesi," anatero chapansipansi. "Unayamba liti kugwira ndi dzanja limenelo?"

Enelesi anayang'ana patebulo. Mausi inali kumanzere kwa laputopu, dzanja lake lamanzere lili pamwamba pake, likuyenda mofewa ngati linabadwa likudziwa. Cholembera nachonso chinali kumanzere, pamwamba pa pepala lodzaza ndi malemba opendekera kumbuyo, okongola, a mphunzitsi. Anafuna kulichotsa dzanjalo msangamsanga, kulibisa pansi pa tebulo.

Koma anayamba wakweza maso.

A Kwenda ankamuyang'ana. Osati kumbali kwake, osati kumanzere kwa mbaula, koma iye, m'maso mwenimweni. Ndipo maso awo anali atafewa ngati a munthu amene wamva nyimbo ya kwawo ali kutali. Anali maso aja, amene Enelesi anawadikira chilowereni m'nyumba imeneyo.

Paphewa pake panafunda, ngati wina watsamirapo chibwano kuti aone nawo.

Enelesi sanasinthe dzanja.

Ali konko mpaka lero, ku Kawale, ndipo aneba amati banja lake ndi losiririka. Mukadzakumana naye pamsewu mudzamupatse moni, ndi mayi waulemu. Kungoti podutsana naye, mudzadutse chakumanja kwake.